Maso Openya Mumdima

Ana onse a ku Livingstone adziwa kuti mvula ikatha, madzi a Zambezi nayamba kuphwa, njobvu zimadza. Zimaoloka mtsinje kucokera ku tsidya la Zimbabwe, zimatsata mtsinje wa Maramba, zimagwetsa mipanda ndi kudya ndiwo za m'madimba, ndipo nthawi zina zimaima pa mseu wopita ku mathithi kufikira magalimoto atandandana mzere. Njobvu ndi nyama yofatsa ikakhala yosaputidwa, komabe alipo anthu a m'mudzi uno amene anafa cifukwa ca kukomana nayo mwadzidzidzi mumdima. Bvuto ndi lakuti imakonda kuyenda usiku, ndipo cinkana iri yaikuru cotere, siicita phokoso poponda. Munthu akadadziwa madzulo kuti gulu lakuti liri pakuti, ndipo lirikulunjika kwakuti, bwenzi atacenjeza eni madimba, ndi obwera ku nchito usiku, ndi ana olawira ku sukulu mbanda kuca. Nanga cinthu coyenda mumdima munthu angacitsate bwanji? M'phunziro lino tiona njira imene anthu apeza masiku ano, ndiyo ya makamera ambiri oimikidwa motalikirana, openya kufunda kwa thupi ndi kuuzana zimene aona.

Makolo athu anali nayo njira yao. Mlenje wodziwa anali kuwerenga pansi monga inu muwerenga buku. Phazi limodzi pa mcenga linamuuza mtundu wa nyama ndi msinkhu wace, koma phazi limodzi silinena kumene nyama yapita. Pofuna kudziwa ici anafunafuna laciwiri ndi lacitatu, ndi udzu wopindika, ndi nthambi yothyoka imene utomoni wace sunaume. Akafika pa thanthwe pamene mapazi saoneka sanataye mtima ai. Anaima naganiza kuti, "Nyama iyi inali kulunjika ku madzi, ndipo siinali kufulumira; ndikaipeza patsidya pa mwala uwu ca kumanzere." Napita komweko, napezanso phazi. Akapeza ndowe za njobvu anali kupondapo ndi cala ca kuphazi kuti amve ngati zikali zofunda, ndipo zikakhala zofunda anadziwa kuti mwini wace ali pafupi, nayamba kunyang'ama. Sungani zinthu ziwiri izi, kumva kufunda ndi kulumikiza mapazi, pakuti makina amene tirikunena aimirira pa izi zomwe.

Tiyambe ndi kufunda. Madzulo a mwezi wa June, mukakhala mozungulira mbaula, nkhope zanu zimamva kutentha cinkana simunakhudze makala. Wina akaika buku pakati pa nkhope yanu ndi mbaula, kutenthako kuleka nthawi yomweyo, akalicotsa kubweranso. Utsi kapena mpweya wotentha sungacite cotero, popeza ungolambalala bukulo. Ici citionetsa kuti kutentha kumene mulikumva kuyenda molunjika monga kuwala, ndipo kuchingika monga kuwala. Ndiko kuwala ndithu, koma kwa mtundu umene diso la munthu silitha kuona.

Inu muli ndi mwai umene ana a kwina alibe, pakuti utawaleza mumauona m'nthunzi ya Mosi-oa-Tunya osadikira mvula, ndipo mwezi ukakhala wathunthu, madzi ali oculuka, umaoneka ngakhale usiku. Timadontho ta madzi timagawa kuwala m'maonekedwe ace, ofiira kunja kwa uta ndi ena otsatana kulowa m'kati. Nanga kupitirira pa cofiira pali ciani? Diso liti palibe kanthu. Koma m'caka ca 1800 William Herschel, mkuru wopenya nyenyezi wokhala ku England, yemwe anatulukira dziko la Uranus mu 1781, anadzipangira utawaleza m'cipinda ndi galasi la ngondya zitatu. Anafuna kudziwa ngati maonekedwe onse atentha mofanana, motero anaika coyesera kutentha, conga cija ca ku cipatala, pa maonekedwe amodzi-amodzi. Anapeza kuti kutentha kuonjezeka polowera ku cofiira. Pamenepo anacisuntha naciika kunja kwa cofiira, pamene panalibe kuwala kooneka, ndipo taonani, cinakwera koposa. Kuwala kobisika kumeneku kunachedwa infrared, ndiko kunena kuti kunsi kwa cofiira. Utawaleza wa ku mathithi uli naonso mkombero wotere kunja kwa cofiira, umene sitiuona ndi maso.

Si dzuwa ndi moto zokha zimene zimatulutsa kuwala uku. Cinthu ciri conse cimakutulutsa monga mwa kufunda kwace: mwala, mtengo, madzi, galu, ndi inu nomwe. Cotentha kwambiri citulutsa kwambiri, cozizira citulutsa pang'ono. Thupi la munthu wamoyo liri ndi kutentha kwa madigiri 37 usana ndi usiku, ndipo la njobvu licepera pang'ono pokha. Tsono usiku, nthaka ndi mitengo zitazizira, munthu kapena njobvu iri ngati nyali yoyenda m'thengo, kungoti tiribe maso oionera. Zolengedwa zina ziri nao. Nsato iri ndi timaenje m'mbali mwa milomo yace timene timamva kufunda kwa khoswe kapena kalulu mumdima wa ndiwe yani, ndipo nsikidzi imampeza munthu wogona potsata mpweya wace ndi kufunda kwace.

Makamera ogwira nchito ndi infrared ali a mitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amaisokoneza. Woyamba tingauche msampha wa zithunzi. Ndi kabokosi kocepa ngati njerwa, komangirira pa mtengo m'mbali mwa njira ya nyama. Ca m'ma 1890 George Shiras wa ku America anali kuchera cingwe pa njira, kuti nyama ikacikoka ndi mwendo kamera ijambule, ndipo magazini ya National Geographic inasindikiza zithunzi zace mu 1906. Msampha wa lero ulibe cingwe. Uli ndi kadiso kamene kangodikira, ndipo cinthu cofunda cikadutsa patsogolo pace kadzutsa kamera. Kukakhala usiku kamera iyatsa tinyali tace ta infrared, timene tiunikira nyama osaidzidzimutsa kwambiri, ndipo cithunzi cituluka coyera ndi cakuda, coonetsa bwino mizere ya mbidzi kapena mawanga a nyalugwe. Tinyali totere mungatione nokha kunyumba. Tengani rimoti ya wailesi ya kanema, muilozetse ku kamera ya foni, ndi kudina batani. Diso lanu siliona kanthu, koma pa mafoni ambiri muona kanyali kakuthwanima.

Mtundu waciwiri ndiwo wodabwitsa, pakuti suunikira kanthu konse. Ungolandira kuwala kumene thupi lomwe lirikutulutsa. Diso lace silipangidwa ndi galasi wamba, popeza galasi limachinga kuwala kwa kufunda, koma ndi cinthu ca m'migodi cochedwa germanium. Kumbuyo kwa disolo kuli kabwalo kocepa ngati cikhadabo, kogawidwa m'timagawo tating'ono-ting'ono. M'makamera ena muli timagawo 640 m'litali ndi 480 m'lifupi. Mukaculukitsa mupeza 307,200. Kagawo kali konse kafunda pang'ono monga mwa kuwala kumene kagwapo, ndipo kakafunda magetsi odutsamo asintha. Makina awerenga kusintha uku kambiri pa sekondi imodzi, napenta cithunzi: cofunda cioneka coyera, cozizira cioneka cakuda. Kamera yabwino imazindikira kusiyana kosafika gawo limodzi la magawo khumi a digiri imodzi. Mukagwira khoma ndi dzanja ndi kulicotsa, iona cizindikiro ca zala zanu cikali pakhomapo. Ndowe za njobvu zogwa kumene iziona zikuyera m'udzu, monga momwe cala ca mlenje uja cinazimvera.

Koma musayese kuti ipenya zonse. Siipyoza khoma, ndipo siipenya munthu wokhala kuseri kwa zenera lagalasi. Siipenya pansi pa madzi, cifukwa cace mvuu ikamira yasowa. Ng'ona ndi njoka zibvuta kuziona, pakuti matupi ao atsata kutentha kwa malo amene ziri. Masamba oculuka abisa nyama monga aibisa usana. Ndiponso cithunzi cace siciri ndi maonekedwe. Cionetsa msinkhu ndi mayendedwe, koma nkhope ya munthu siizindikirika patali.

Tsono tifike pa mutu weni-weni wa nkhani yathu. Kamera imodzi, cinkana ikhale ya mtengo wapatali, iri ngati phazi limodzi pa mcenga. Inena kuti, "Cinthu cofunda cadutsa pano nthawi yakuti," ndipo cikatuluka m'malo amene ipenya, yaleka kudziwa. Ndiponso kamera imodzi idziwa mbali imene cinthu ciri, koma mtunda siiudziwa bwino. Njiri yokhala pafupi ndi njobvu yokhala kutali zingathe kudzaza timagawo tofanana ciwerengero. Tsinzinani diso limodzi, muyese kulasa nsonga ya pensulo imene mnzanu wagwira, ndipo muona kubvuta kwace. Mankhwala a bvuto ili ndi maso awiri otalikirana. Mukapita ku bwalo la mpira, aphunzitsi anu aimike ana awiri pa ngondya ziwiri za bwalo, ali yense ndi ndodo yowongoka, ndipo wacitatu akaime pena pace m'kati. Awiri aja aloze wacitatuyo ndi ndodo zao, ndi kuzigoneka pansi momwe zalozera. Mukajambula bwalolo pa pepala ndi kutalikitsa mizere iwiri ya ndodozo, mupeza kuti ikomana pa malo amodzi okha, ndipo ndi pomwe mnzanu waima. Makamera awiri openya malo amodzi acita comweci. Malo amene kamera iri yonse yaima adziwika kale pa mapu, ndi mbali imene yayang'ana idziwikanso. Kompyuta ingolemba mizere iwiriyo ndi kupeza pokomana pace. Nyama ikasuntha, pokomanapo pasunthanso, ndipo madontho otsatana alemba njira pa mapu.

Koma thengo ndi lalikuru, ndipo palibe boma limene lingagule makamera okwanira kupenya paliponse. Pakati pa kamera ndi inzace patsala mipata yaikuru, yonga thanthwe lija pamene mapazi anasowa. Apa anthu acita monga a njanji. Sitima ikanyamuka pa Livingstone, palibe munthu wa pa steshoni amene aiona m'njira monse; koma mau apita patsogolo kuti yanyamuka nthawi yakuti, ndipo a ku Zimba adziwa nthawi yoiyembekeza, iwonso nadziwitsa a ku Kalomo, a ku Kalomo nadziwitsa a ku Choma. Ikacedwa kufika adziwa kuti yaima pakati, ndiponso adziwa pakati pa masteshoni ati. Makamera olumikizidwa ndi wailesi amapatsirana nyama momwemo, ina kuipereka m'manja mwa inzace. Kusiyana kwace nkwakuti sitima siingacoke pa njanji, pamene njobvu ingapatukire kumene ifuna.

Tiyerekeze kuti taimika mizati itatu pa njira ya njobvu yocokera ku Zambezi kunka ku madimba ena. Mzati woyamba uli pa gombe, waciwiri uli makilomita 2 kucokera pa gombe, wacitatu uli kilomita imodzi kupitirira waciwiri, ndipo madimba ali makilomita 2 kupitirira wacitatu. Nthawi ya 19:00 kamera ya pa gombe iona zinthu zoyera zisanu ndi ziwiri zikubvuuka m'madzi. Nthawi ya 19:30 kamera yaciwiri iziona. Zayenda makilomita 2 pa theka la ora, ndiwo makilomita 4 pa ora. Kwatsala makilomita 3, motero kompyuta iti zidzafika ku madimba nthawi ya 20:15, ndipo zidzapita pa mzati wacitatu nthawi ya 19:45. Mau apita kwa alonda a nyama ndi kwa eni madimba. Koma 19:45 ikwana, kamera yacitatu siinaone kanthu. Iziona nthawi ya 19:55. Kilomita imodzi yazitengera mphindi 25, kapena cifukwa zirikudya m'njira. Pamenepo kompyuta ikonza ganizo lace niiti zidzafika nthawi ya 20:45. Onani tsono cifukwa cace mawochi a makamera onse ayenera kugwirizana. Wochi ya pa mzati waciwiri ikadatsalira ndi mphindi khumi, ikadanena kuti njobvu zinafika 19:20, ndipo kompyuta ikadayesa kuti zirikuyenda makilomita 6 pa ora. Masamu onse otsatira akadasokera.

Kuyembekeza, kupenya, kukonza, ndi kuyembekezanso: ndiwo mayendedwe a nchito yonseyi. Amene anailemba bwino m'masamu ndiye Rudolf Kalman, wobadwira ku Hungary nakagwira nchito ku America, m'caka ca 1960. Iye anaonetsa momwe munthu angaphatikizire zinthu ziwiri zosakhulupirika kotheratu, ndizo ganizo lace la kumene cinthu ciyenera kukhala, ndi umboni wa maso umene nthawi zina unama, kuti apeze yankho loposa zonse ziwiri. Maso akapenya bwino, masamu ace atsamira pa maso. Kukakhala nkhungu atsamira pa ganizo. Ndipo cinthu cikakhalitsa cosaoneka, malo amene cingakhale akulira-kulira pa mapu, monga dontho la inki pa pepala lonyowa, kufikira kamera ina itacionanso, pamenepo dontho licepanso. Masamu omwewa anathandiza kuongolera zombo za Apollo zimene zinafikitsa anthu pa mwezi mu 1969. Ine ndiyesa kuti mlenje wathu uja, akadamva masamu a Kalman atamasuliridwa m'Cinyanja, akadangogwedeza mutu ndi kunena kuti iye anali kucita cotero pa thanthwe.

Cobvuta koposa si mdima kapena mtunda, koma funso ili: kodi cimene kamera yaciwiri yaona ndi comweco cimene yoyamba inaona? Zisanu ndi ziwiri zinabvuuka pa gombe, koma pa mzati waciwiri zaoneka zisanu ndi imodzi. Kodi imodzi yapatuka, kapena mwana wabisika kuseri kwa amace, awiriwo naoneka ngati cinthu cimodzi? Funsoli si laling'ono, pakuti njobvu yopatuka yokha, imene palibe aiyembekeza, ndiyo ingakomane ndi munthu pa njira ina. Magulu awiri akapingasana m'nkhalango natulukanso, kompyuta ingathe kuwasinthanitsa. Cifukwa cace siitaya msanga ganizo liri lonse; isunga awiri kapena atatu kufikira umboni wina utadza. Apa misampha ya zithunzi ija ithandiza, popeza ionetsa zizindikiro. Makutu a njobvu ali ndi zibowo ndi mong'ambika mosiyana-siyana, mbidzi ziwiri sizifanana mizere, ndipo zipembere zosungidwa amazidula timipata m'makutu kuti iri yonse ikhale ndi nambala yace. Njobvu zina amazibveka lamba m'khosi wokhala ndi GPS, wonena malo ace. Koma lamba auza za njobvu imodzi yokha imene inagwidwa, pamene kamera iona ciri conse codutsa, ndi munthu yemwe.

Ku Serengeti m'dziko la Tanzania, kuyambira 2010, ophunzira za mikango anachera misampha ya zithunzi 225 m'dera loposa masikweya kilomita 1,000. Pofika 2013 inali itajambula kokwanira ngati 1,200,000, ndipo anthu oposa 28,000 a m'maiko ambiri anathandiza kuchula nyama za m'zithunzizo pa intaneti. Misamphayo inaonetsa kumene nyumbu, mikango ndi afisi zikonda kukhala m'nyengo zosiyana. Koma zithunzi zace zinali kukatengedwa patapita masabata, motero zinanena za dzulo, zosati za usiku uno.

Yonena za usiku uno inaimikidwa m'dziko lathu lino. Kumpoto kwa Livingstone kuli nkhalango ya nyama ya Kafue, yaikuru masikweya kilomita 22,400, ndipo m'malire ace muli nyanja ya Itezhi-Tezhi, imene inapangika pamene anatseka mtsinje wa Kafue ndi khoma lotsirizika mu 1977. Tsidya lina kuli midzi ya asodzi, tsidya lina kuli nyama. Opha nyama mwakuba anaona kuti pamadzi sipatsala mapazi, nayamba kuoloka usiku m'mabwato ngati asodzi, mfuti ndi mawaya a misampha ziri pansi pa maukonde. M'zaka za 2018 ndi 2019 a Department of National Parks and Wildlife, pamodzi ndi a Game Rangers International, a WWF, ndi makampani a FLIR ndi Cisco, anaimika makamera openya kufunda pa nsanja zazitali, oyang'ana panyanja. Maso ao alumikizana nakhala ngati mpanda wosaoneka woyala pamadzi. Pamadzi ozizira a usiku munthu wa m'bwato aoneka woyera mbee, ndi injini yotentha iyera koposa. Zithunzi zipita ndi wailesi ku cipinda kumene alonda adikira usana ndi usiku, ndipo bwato likadumpha mzere iwo auza anzao a m'bwato la injini mbali yoti alowere. Ku Kenya a WWF anayamba nchito yotere mu 2016, pomanga makamera otere pa magalimoto a alonda a ku Maasai Mara.

Panyanja ndi posabvuta, pakuti palibe mitengo ndipo madzi azizira mofanana. Kwathu kuno kuli zopinga zace. Mwezi wa October miyala yakuda ya m'mphepete mwa zigwembe za Zambezi imatentha usana kotero kuti phazi losabvala silingapondepo, ndipo imasunga kutenthako dzuwa litalowa. Nthawi imene mwala ndi nyama zifanana kutentha, kamera siitha kuzilekanitsa. Ipenya bwino pakati pa usiku ndi mbanda kuca, nthaka itazizira. Nthunzi ya mathithi, imene ikwera koposa ca mu April, imameza kuwala kwa kufunda, monganso icita mvula yamphamvu. Udzu wotenthedwa ndi dzuwa ukagwedezeka ndi mphepo umanyenga misampha ya zithunzi, niijambula zopanda kanthu mazana-mazana kufikira mabatire atatha. Ndipo eni thengo saikonda. Njobvu zimazula mabokosi ndi kuwaponda, afisi amawatafuna, ndipo anyani a ku mathithi, amene mudziwa nokha kuti salemekeza ngakhale cikwama ca mlendo, sangasiye cinthu cacilendo osacisanthula. Makina otapa magetsi ku dzuwa afuna wowapukuta pfumbi, ndipo akuba awakhumbira. Kugula kamera ndi tsiku limodzi, koma kuisunga yamoyo ndi nchito ya zaka.

M'nkhalango yathu ya Mosi-oa-Tunya, imene iri yaing'ono, masikweya kilomita 66 okha, muli nyama imene mtengo wa kuisowa usiku umodzi ndi waukuru. Zipembere zakuda zinali zambiri m'Zambia kale, koma zinaphedwa cifukwa ca nyanga zao kufikira mu 1998 kunalengezedwa kuti zatha. Zisanu zoyamba kubwezedwa zinafika ku North Luangwa mu 2003 kucokera ku South Africa. Za kuno kwathu ndi zipembere zoyera, zocokeranso ku South Africa. Mu June 2007 zinali ziwiri zokha, ndipo usiku wina akuba anaziombera zonse; imodzi inafa naidula nyanga, inzace inapulumuka ndi mabala. Zonsezi cifukwa ca nyanga imene ipangidwa ndi cinthu comwe cija cipanga zikhadabo zanu. Pambuyo pace anabweretsa zina, ndipo zaswana. Zipemberezi zimalondedwa ndi alonda a mfuti usana ndi usiku, oyenda pansi, ozidziwa imodzi-imodzi ndi maina ndi makhalidwe ace. Kamera ingawathandize anthu otere powauza msanga kuti wina walowa mbali yakuti, koma siingaime pakati pa cipembere ndi mfuti. Cithunzi cikafika m'cipinda mopanda woyang'ana, kapena galimoto ikakhala yopanda mafuta, masamu onse aja angolemba mbiri ya momwe nyama inafera.

Pali cinanso cimene ndifuna muciganizire. Kwa kamera, msodzi wosauka amene mphepo yamkankhira kupitirira mzere ndi wakupha njobvu ali cimodzi-modzi, madontho awiri oyera. Mai wotola nkhuni m'malire a nkhalango aoneka monga aonekera wochera waya. Woweruza ayenera kukhala munthu, wofika pafupi ndi kufunsa asanagwire. Ndiponso maso otsata njobvu kucokera pa mzati kunka pa mzati angathenso kutsata munthu kucokera pakhomo pace kufikira kumene apita. Ankhondo ndiwo anayamba kuwagwiritsa nchito, alonda a nyama asanawaone. Dziko la Zambia linakhazika lamulo losunga zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, mu 2021, ndipo nkoyenera kuti anthu a m'midzi yoyandikana ndi makamera auzidwe kumene aima, ndi amene ayang'ana zithunzi zace.

Njobvu zodza ku Livingstone siziri za Zambia yokha. Ziyenda m'dera lalikuru lochedwa KAZA, limene maiko asanu, Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anapangana mu 2011 kulisunga pamodzi. Mu 2022 anaziwerenga ndi ndege napeza kuti ziri ngati 227,900, ndipo mu May 2024 atsogoleri a maikowa anasonkhana m'mudzi wathu uno kukambirana za izo. Gulu limene lagona usana ku tsidya la Zimbabwe lingadye m'dimba la ku Maramba usiku womwewo. Motero kamera ya pa gombe lino ikadapindula kwambiri ikadauzidwa ndi inzace ya patsidya kuti zirikudza, monga a ku Zimba auzidwa za sitima.

Tsono citani ici m'makope anu. Jambulani mapu a dera la sukulu yanu, muikemo mtsinje, miseu, madimba, ndi njira zimene ana adzera mamawa. Tinene kuti mwapatsidwa makamera asanu okha. Musawamwaze mofanana pa mapu onse. Funani malo opapatiza amene nyama iyenera kudzerapo, monga pa dooko la mtsinje kapena pa mpata wa mpanda, ndipo awiri muwaike openya malo amodzi kuti mizere yao ikomane. Musanalembe, mukafunse agogo kapena akuru ena okhalitsa kuno kumene njobvu zimadzera caka ndi caka, pakuti zimatsata njira zao zakale cinkana anthu amangapo nyumba. Potsiriza yesani mtunda wocokera pa kamera yanu yakutali kufikira pa dimba loyamba, ndi kuwerenga mphindi zimene eni dimba adzakhala nazo ngati njobvu ziyenda makilomita 4 pa ora.